Mayi Makungwa ndi Njovu za ku Bua

Mayi Marjory Makungwa anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi m'masukulu a pulayimale a m'dera la Malengachanzi ku Nkhotakota. Anabadwira pafupi ndi mishoni ya Angilikani, m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo mwa onsewo ndi iwo okha amene anafika ku koleji ya aphunzitsi. Amene anadutsa m'manja mwawo amawakumbukira ngati mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wosanjenjemera ndi chilichonse. Anyamata a ndevu obwereza Sitandade 8 kachitatu ankangoti zii iwo akalowa m'kalasi. Tsiku lina njoka inagwa kuchokera kudenga, ana onse n'kuthawira pawindo, koma iwo anaipha ndi mpini wa khasu n'kupitiriza masamu. Bwato ankakwera ngakhale mwera utayamba kuwomba.

Koma phunziro la nyama zakutchire likayandikira, Mayi Makungwa ankapempha mphunzitsi mnzawo kuti asinthane makalasi. Aphunzitsi akale pasukulupo ankadziwa chifukwa chake ndipo sankafunsa. Atsopano ankauzidwa monong'ona.

Zinachitika mu Epulo chaka cha 2004. Amuna awo, a Bartholomew, anali kalipentala komanso woimbitsa kwaya kutchalitchi. Banjalo linali ndi munda wa chimanga ndi chinangwa kumtunda, pafupi ndi malire a nkhalango yosungirako nyama, ndipo masiku amenewo kunalibe mpanda. Loweruka lina m'mawa awiriwo anapita kukakolola. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Peace, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali kwa azakhali ake ku Dwangwa.

Dzuwa linali litakwera ndithu. Mayi Makungwa anali kumunsi kwa munda akutola maungu pamene anamva mapesi akuthyoka. Anayesa kuti ndi amuna awo. Kenako kunabwera fungo lachilendo, lolemera, ngati la khola la ng'ombe mvula itagwa, koma loposa pamenepo. Ataweramuka anaona msana wotuwa ukuyenda pamwamba pa chimanga. Inali njovu imodzi, yamphongo, ikutsimphina ndi waya wa msampha umene unali utalowerera m'mwendo.

A Bartholomew anatola ndowa yachitsulo ndi chikwanje. Anthu a kumeneko ankapirikitsa njovu pomenya zitini, ndipo nthawi zambiri zinkachoka.

"Amake Peace, pitani kumsewu," anatero osawayang'ana. "Muziyenda pang'onopang'ono. Musathamange."

Anayenda mapazi ngati khumi, kenako miyendo inayamba yokha kuthamanga. Kumbuyo ndowa inkalira. Inalira, inalira, kenako inasiya. Mayi Makungwa sanacheuke. Anafika kumsewu chitenje atataya, kumapazi kuli magazi. Amuna a m'mudzi atapita kumundako masana, anabwerako atakulunga chimene anapeza m'mphasa, ndipo bokosi linakhomedwa Peace asanafike.

Munda uja sanaupondenso. Anausiyira mlamu wawo, iwo n'kupempha nyumba ya aphunzitsi pasukulu ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, kufupi ndi nyanja. Kumeneko analera mwana wawo ndi ntchito ya choko ndi kamunda ka mpunga kudambo. Za tsiku lija sanauze munthu aliyense kupitirira zimene anauza apolisi. Peace akafunsa, ankangoti, "Bambo ako anatisiya, basi. Pita ukawerenge."

Mu 2016 kunamveka kuti njovu mazana asanu zikubwera kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kudzakhala m'nkhalango ya Nkhotakota. Anthu anauzidwa kuti pamangidwa mpanda wamagetsi, ndipo unamangidwadi. Malole aakulu onyamula njovuzo akamadutsa pamsewu wa kutsogolo kwa sukulu, ana ankathamangira kukaonerera akukuwa ndi chimwemwe. Mayi Makungwa ankatseka chitseko cha kalasi n'kukhala pampando wawo, manja atatsamiza patebulo, mpaka phokoso litazimirira cha kumpoto.

Anapuma pantchito mu 2021. Apa n'kuti Peace atamaliza maphunziro a unamwino, atakwatiwa ndi mnyamata wa ku Rumphi dzina lake Walusungu Harawa, ndipo awiriwo atapita kukagwira ntchito ku Mangalande. Moyo wa mayiyo unatsala wa phee: mpunga kudambo, msonkhano wa amayi a kutchalitchi Lachinayi, mapiritsi a BP m'mawa uliwonse.

Foni ya Peace inabwera mu Juni chaka cha 2024, iwo ali pakhonde akupeta mpunga.

"Amayi, tikubwera mu Seputembala," anatero Peace. "Tapatsidwa masabata atatu. Ine ndi a Walusungu tagwirizana kuti tikutengeni tikaone nyama, tikagone konko masiku awiri. Munagwira ntchito zaka zonsezi osapumako. Koma malo musankhe ndinu."

Lichero linatsetsereka pamiyendo pawo, nkhuku n'kuthamangira mpunga umene unatayika.

"Nyama zake ziti?"

"Zilizonse. Sankhani kumene mtima wanu ukufuna."

Akanatha kukana. Koma sanafune kuti mkamwini wawo awaone ngati nkhalamba yosayamika, komanso mwana wawo anali asanawapemphepo kanthu ndi mawu ofatsa chotero. Anati aganiza kaye.

Patatha masiku anayi anakwera kabaza kupita kuboma kwa Raston Chibwana, amene anamuphunzitsa Sitandade 6 kalekale. Raston tsopano anali bambo wa ana atatu, ndipo ntchito yake inali yoyendetsa alendo odzaona nyama pagalimoto yake yaitali, yopanda magalasi m'mbali. Atamva nkhaniyo anakondwa, n'kuyala mapu a Malawi paboneti.

"Madamu, zimatengera chimene munthu akufuna," anatero. "Ku Liwonde kuli mtsinje wa Shire. Mumakwera boti, mvuu ndi ng'ona zili mbwee. Njovu ndiye mumayamba kuziona musanafike n'komwe kogona."

"Kumeneko ayi."

"Ku Majete kuli mikango, njati, zipembere. Kungoti kumatentha, ndipo njovu ziliko zambiri ndithu."

"Pitirira."

Anatchula Kasungu, anatchula Vwaza. Paliponse pamene chala chake chinaima, mayiyo ankafunsa za nyama imodzi yomweyo, mpaka Raston anasiya kulankhula ngati akulankhula ndi mlendo. Anakumbukira kuti pa maliro a a Bartholomew iye anali m'gulu la ana asukulu amene anatumidwa kukatola nkhuni. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ndiye pitani ku Nyika," anatero. "Ndi pamwamba pa mapiri, udzu wokhawokha, munthu umaona kutali. Kuli mbidzi, nchefu, chilembwe. Njovu ziliko zowerengeka ndipo zimakonda kumunsi. Ine ndapitako kambirimbiri koma ndinaziona kawiri kokha, zili patali. Vuto lake ndi mtunda, msewu wochokera ku Rumphi ndi wa miyala, komanso kumazizira zedi."

"Kawiri kokha?"

"Kawiri kokha, Madamu."

"Nanga kwathu kunoku bwanji sunatchule?"

Raston anapinda mapu aja. "Ndinaona ngati simungafune kumva."

Madzulo ake mayiyo anatumiza uthenga kwa Peace kuti asankha Nyika. Anagula juzi yaubweya ndi masokosi pa kaunjika, ndipo Lachinayi anauza amayi anzawo kuti akukaona mbidzi. Pang'onopang'ono anapezeka kuti ulendowo akuuyembekezera.

Peace atangotsika galimoto mu Seputembala, mayi ake anaona nthawi yomweyo chimene anawabisira pafoni. Anali woyembekezera, miyezi isanu. Mayi Makungwa anavina pabwalo, zimene anansi awo anali asanazionepo. Koma mawa lake, atamwa tiyi, Walusungu anakhosomola pang'ono n'kuyamba kulankhula.

"Amayi, pamene tinkakuimbirani paja tinali tisanadziwe za mimbayi. Msewu wa ku Nyika ndimaudziwa, ndinakulira konko. Ndi maola angapo galimoto ikudumpha pamiyala, chipatala chili kutali. Adokotala anatiletsa maulendo otero."

"Ndiye basi, tikhale," anatero mayiyo, mtima utapepuka kuposa mmene anafunira kuonetsa. "Nyama tidzaona chaka china."

Peace anayang'ana amuna ake, ndipo Walusungu ananyamuka kukaona matayala a galimoto amene analibe vuto lililonse.

"Amayi, ine ndikufuna kukalowa m'nkhalango yathuyi," anatero Peace. "Ndi pafupi. Tipita m'mawa, masana tabwerako. Ndalankhula kale ndi a Raston, akuti ayendetsa pang'onopang'ono."

"Ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa. Bambo anga sindinawaone m'bokosi. Chimene chinawapha sindinachionepo ndi maso angawa. Ndakula ndikuchilota, chinthu chakuda chopanda nkhope. Kuntchito odwala akamva kuti ndine wa ku Malawi amandionetsa zithunzi za njovu pafoni akumwetulira, ine n'kumamwetuliranso. Sindikufuna kubereka mwana ndikadali chonchi. Inu khalani, sindikukukakamizani."

Mayi Makungwa anayesa zonse. Anatchula mimba, anatchula kutentha, anati akauza ansembe. Anakalipa monga ankachitira m'kalasi, ndipo atatopa anachonderera. Peace ankangomvetsera, manja ali pamimba. Liuma lakelo mayiyo ankalidziwa kumene linachokera.

M'mawa wa Lachiwiri, dzuwa litangotuluka, galimoto ya Raston inaima pabwalo. Walusungu anakwera kutsogolo, Peace kumbuyo. Mayi Makungwa anaima pakhomo la nyumba akuganiza za tsiku lonse limene likubwera, iwo ali pakhonde kumvetsera galimoto iliyonse yodutsa pamsewu, osadziwa chimene chikuchitika kumtundako. Anali atadikirapo chotero kale kumsewu, ndipo ankadziwa mmene zimakhalira. Injini italira analowa m'nyumba, n'kutulukamo atamanga chitenje m'chiuno, atavala nsapato zawo za kudambo.

"Sunthira uko," anauza Peace.

Pachipata msilikali wa gemu anawalembetsa mayina n'kuwatsegulira. Mayiyo anamva chipatacho chikutsekedwa. Mpanda wamagetsi umene unkawapatsa tulo zaka zonsezi tsopano unali kumbuyo kwawo.

Mitengo ya mombo ndi mitondo inali itaphuka masamba atsopano ofiira, ndipo udzu unali wouma. Akashembe, ntchentche zoluma za m'tchire, ankalowa m'galimoto n'kumaluma m'miyendo. Anaona anyani atakhala pamsewu ngati anthu odikira basi, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, mbawala imodzi itaima pamthunzi. Walusungu ankajambula, Raston akufotokoza. Mayi Makungwa sankamva chilichonse. Mwala uliwonse wotuwa, chulu chilichonse, chinkaoneka ngati msana. Dzanja lawo linagwira chitsulo cha mpando wa kutsogolo mpaka zala zinachita dzanzi.

Panadutsa maola awiri opanda njovu. Raston anati mwina zapita kutali, zimatero masiku ena, ndipo anapepesa kwa Peace. Mayiyo anayamba kupuma bwino. Anafika mpaka pomwa madzi.

Msewu unayamba kutsetsereka kulowera ku mtsinje wa Bua. Ndi pomwepo pamene mphepo inabweretsa fungo lija. Panali patatha zaka makumi awiri, koma thupi lawo linalizindikira mutu usanaganize.

"Zili pafupi," anatero.

Raston anawacheukira modabwa. Kenako nayenso anaona ndowe zikuluzikulu pamsewu, zikadali zonyowa, ndi nthambi zothyoledwa kumene. Anachepetsa liwiro. Atakhota pakona, njovu zinali pomwepo, zikudutsa msewu pamzere kupita kumadzi. Raston anaimitsa galimoto n'kuzimitsa injini.

"Wazimitsiranji?" anafunsa mayiyo, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Phokoso limazivuta. Tikhale phee, zidutsa. Aliyense asaimirire."

"Bwerera m'mbuyo."

Kumbuyo kwawo nthambi inathyoka. Njovu ina inali itatulukira pamsewu umene anadzera, ikukoka masamba mosafulumira. Kobwerera kunalibe.

Zinadutsa zisanu, zisanu ndi imodzi, mapazi osamveka n'komwe. Chimene chinkamveka ndi makutu okha akamawomba. Yomaliza inali yaikazi, yaikulu kuposa zinzake, kamwana kali pafupi ndi miyendo yake. Itafika pakati pa msewu inaima. Inatembenuka n'kuyang'ana galimoto. Inatambasula makutu, inapukusa mutu fumbi n'kuti kobo, kenako inabwera mothamanga mapazi angapo n'kuima mwadzidzidzi.

Mayi Makungwa sanadziwe kuti dzanja lawo lachoka pachitsulo. Anangomva kachitseko ka m'mbali mwawo kakuti kwa, katatseguka pang'ono. Mwendo wawo umodzi unali utayamba kale kufunafuna pansi. Njovu ija inakweza mutu.

"Madamu," anatero Raston motsitsa, osatembenuka. "Chotsani dzanja pachitseko. Mukatsika, palibe chimene ndingachite."

Miyendo inkawauza kuti kumsewu si kutali. Peace anawagwira pamkono. Njovu inali itazungulira pang'ono, tsopano ikubwera mbali imene kunakhala Peace. Mayiyo anasiya chitseko. Anadzikhotetsa pampando n'kugona chopingasa pamiyendo ya mwana wawo, chifuwa chawo chitaphimba mimba ija. Atatero nkhope yawo inaloza kunja, kumene kunali njovu, ndipo maso anakana kutsinzina.

Anaiona yonse. Khungu lamakwinya lomata matope ouma, mnyanga umodzi wothyoka kunsonga, diso laling'ono lofiirira lokhala ndi nsidze zazitali. Inaima pafupi moti mthunzi wake unaphimba galimoto. Chitamba chinakwera, nsonga yake ikutembenukira uku ndi uku, ikununkhiza. Kenako m'mimba mwake munatuluka kugunda kotsika, ngati bingu lakutali, ndipo mayiyo anakumva m'nthiti mwawo. Anayesa kupemphera koma Pemphero la Ambuye, limene anaphunzitsa ana zikwi, linathawa m'mutu. Anatsala ndi mawu awiri okha, "Atate wathu," ndipo ankangowabwereza m'kamwa osatulutsa.

Palibe amene anadziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Walusungu pambuyo pake anati mphindi zitatu. Kamwana kaja kanadutsa msewu kokha n'kulowa m'tchire, ndipo mayi wake anatsitsa chitamba, anayenda chammbuyo pang'ono, n'kutembenuka kukalondola. Ya kumbuyo ija nayo inalowa m'mitengo. Raston anadikirabe ndithu asanalize injini, ndipo anayamba watambasula dzanja n'kutseka kachitseko kaja.

Anakaima pamalo okwera, pamene alendo amapumira akuyang'ana mtsinje kumunsi. Mayi Makungwa atatsika, anagwada n'kusanza madzi onse amene anamwa. Chitenje chawo chinali chitanyowa. Peace anaona, anauza amuna awiriwo kuti apite akaone ng'ona, ndipo anavula chitenje chake n'kuwamangira mayi ake. Anakhala pansi awiriwo, misana atatsamira tayala.

"Anandiuza kuti ndisathamange," anatero Mayi Makungwa patapita nthawi. "Bambo ako. Anati ndiziyenda pang'onopang'ono. Ine ndinathamanga. Mwina inaona ine ndikuthamanga ndiye inalusa. Ndinawasiya akumenya ndowa, ndipo sindinacheuke ngakhale kamodzi."

Anafotokoza zonse, maungu, waya m'mwendo, mphasa. Peace analira mwakachetechete mpaka mayi ake anamaliza.

"Mukanaima, bwenzi nditaika awiri," anatero.

Mayiyo sanakhutire ndi yankho la mwana wawo. Raston atabwerera anamuitana n'kumufunsa maso ndi maso ngati kuthamanga kwa munthu mmodzi kungaphetse mnzake. Raston anakhala chonyonyomala patsogolo pawo, akuseweretsa kamtengo m'dothi.

"Kuthamanga n'koipa, Madamu, sindinganame. Koma njovu ya waya m'mwendo imakhala italusa kale, isanaone munthu aliyense. Zoterezo zimapha ngakhale munthu woima phee. Chimene chinachitika tsiku limenelo palibe angadziwe, ngakhale ine ndikanakhalapo."

Njira yotulukira inali yomweyo imene analowera. Mayi Makungwa anayenda ulendo wonsewo akuyang'ana nsapato zawo, ndipo anadzutsa mutu chipata chitatsekedwa kumbuyo kwawo. Kunyumba anagona masiku awiri BP itakwera, Peace akuwayeza m'mawa ndi madzulo, akudziimba mlandu. Tsiku lachitatu anadzuka n'kupita kudambo ngati kale.

Mantha sanathe. Amayi a kutchalitchi atawafunsa kuti anaonako zotani, anati anaona njiri ndi anyani. Raston atawapeza pamsika n'kuwauza moseka kuti mpando wawo ulipo tsiku lililonse akafuna, anamuyankha kuti aupatse alendo. Chimene chinasintha ndi mafoni amene Peace ankaimba Lamlungu lililonse. Kale ankatha msanga, moni ndi za mvula basi. Tsopano Peace ankafunsa za bambo ake, nyimbo zimene ankakonda, mmene anafunsirira mbeta, ndipo mayi ake ankayankha mpaka batire kutha.

Mwana anabadwa mu Januwale, wamkazi. Peace anapempha mayi ake kuti apite akamuthandize kulera kwa miyezi ingapo, ndipo Walusungu anatumiza mapepala onse ofunika. Mayi Makungwa anali asanakwerepo ndege. Anafunsa mkamwini wawo kuti ulendowo ndi wa maola angati. Kenako anafunsa ngati m'ndegemo amalola munthu kutenga mpunga. Lolemba lotsatira anakwera minibasi ya ku Lilongwe kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti.